Chimene Chinaphwetsa Tayala la Kumbuyo

Lachiwiri, 7 Okutobala

Funso limene ndikufuna kuliyankha ndisanatuluke m'chipatala muno ndi ili: kodi chimene chinatigwetsa pa njinga yamoto dzulo m'mawa ndi liwiro la achimwene, monga mmene amalume akunenera, kapena ndi tayala la kumbuyo limene achimwene anagulitsidwa mwezi wathawu? Ndalilemba pamwamba pa tsamba kuti mankhwala opha ululu asandiiwalitse.

Ndiyambe ndi zodziwika, monga amatiphunzitsira m'kalasi ya zamalamulo. Ndili m'wodi ya amayi othyoka mafupa, bedi lachiwiri kuchokera pazenera. Fupa la msongolo wakumanzere lathyoka pamwamba pang'ono pa kakolo. Pachigongono andisoka kasanu. Chisoti chinang'aluka, mutu ayi. Koma kuyambira pamene tinanyamuka pakhomo mpaka pamene ndinatsitsimuka pa machira, sindikukumbukira kanthu. Adokotala akuti zimachitika munthu akamenyetsa mutu, ndipo zoiwalikazo zikhoza kubwerera kapena osabwerera.

Achimwene anangosupuka phewa ndi ntchafu, anawatulutsa dzulo lomwelo. Njingayo ndi ya amalume. Achimwene amanyamulira anthu, ndipo ndi imene imadyetsa alamu ndi khanda lawo. Amalume alanda kiyi. Akuti munthu wothamanga atanyamula mwana wa mlongo wawo ngati thumba la makala sangamusiyirenso njinga, ndipo ikakonzedwa aipereka kwa wina pofika pa 19 mwezi uno.

Ine ndikukana. Achimwene akhala akundinyamula zaka ziwiri, ndipo ngati ali ndi vuto, ndi lochedwetsa anthu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kuyeza kutentha kwa thupi 6 koloko: 37.9. Tiyi ndi buledi 7 koloko. Madokotala anazungulira 9 koloko, anayang'ana chithunzi cha fupa pakuwala kwa zenera, nagwirizana kuti chikhakha pachokha sichikwanira. Aika chitsulo Lachisanu ngati kutupa kwachepa. Mwendo uli pa mapilo awiri. Jakisoni wa pamimba, woletsa magazi kuundana, kamodzi pa tsiku.

Achimwene anabwera masana ndi nthochi. Anakhala kumiyendo kwa bedi, maso ali pansi. Ndinawafunsa mwadongosolo. Liwiro? Anati silinapitirire makilomita makumi anayi pa ola, ndipo tinali pa msewu wa phula woongoka. Chinachitika n'chiyani? Anati kumbuyo kunangoyamba kuvina, kenaka tinali pansi. Tayala? Anavomera kuti linali logwirapo kale ntchito, analigula kwa munthu woyala matayala kuseri kwa msika.

Pamenepo ndinaona kuti mlandu wanga waima. Ndinawauza kuti abweretse tayalalo pamodzi ndi chubu chake, popeza ndi umboni. Anangoti, "Zisiye, chemwali. Bola uli moyo."

Sindizisiya. Anthu ogulitsa imfa yozungulira ayenera kuyankha. Ndayamba kulemba kalata yodandaula, yafika kale masamba awiri.

Lachinayi, 9 Okutobala

37.4. Kutupa kwachepa, khungu layamba kuchita makwinya, ndipo anamwino akuti ndicho chizindikiro chimene amachifuna.

Pabedi la pazenera pali mayi amene anaterereka pampopi n'kuthyoka ntchafu. Mwendo wawo ukukokedwa ndi chingwe chomangirira kathumba ka mchenga, ndipo atha milungu itatu ali chagada. Anandimva ndikuwerenga kalata yanga motsitsa mawu, ndiye anauza wodi yonse kuti kwabwera aLoya, amene ali ndi mlandu ndi mwamuna wake afole. Dzinalo lakhazikika. Ngakhale okolopa akundifunsa ngati angadutse pansi pa khoti.

Amuna awo amakonza matayala m'mphepete mwa msewu. Amabwera 12 koloko ndi mpunga m'kontena, ndipo asisitere sawalola kukhudza bedi asanasambe m'manja kawiri. Mayiwo akuti pa zaka makumi awiri za ukwati, bambowo sanawayang'anepo mwachidwi monga mmene amayang'anira chubu chili m'beseni la madzi. Bambowo anayankha kuti chubu chikakhala ndi vuto chimaonetsa pamene pali vutopo, osati kungotupa tsiku lonse.

Ndawapempha kuti adzaone tayala lathu. Avomera.

Kuyambira madzulo ano, osadya kanthu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ku thiyeta 10 koloko. Jakisoni wa pamsana. Kuyambira m'chiuno kutsika, dzanzi. Ndinamva kulira kwa chobowolera koma ululu ayi. Chitsulo chimodzi, misomali isanu ndi umodzi.

Ndinaopa. Ndabwerako.

Loweruka, 11 Okutobala

38.2. Ndasanza kawiri. Dilipi, mankhwala opha tizilombo katatu pa tsiku. Amayi anga anandipukuta nkhope ngati mwana. Zala za kuphazi zikugwedezeka zonse zisanu.

Lamlungu, 12 Okutobala

37.5. Ndadya dzira lowiritsa ndi lalanje, zakhazikika.

Amalume anabwera ndi amayi. Anafunsa za mwendo mwachifundo chenicheni, ndipo ndiyenera kulemba zimenezo pofuna chilungamo. Koma nditatchula za kiyi, nkhope inasintha. Akuti anzawo a achimwene a pasiteji podikirira okwera awauza kuti njinga inkapepeluka isanagwe, ndipo kwa iwo njinga yopepeluka ndi njinga yothamanga. Akuti analiona tayalalo: palibe msomali, palibe chiboo.

Ndinawauza kuti mawu a anthu amene sanaone ngozi si umboni, kuti munthu salandidwa ntchito asanamvedwe, ndiponso kuti tayala lakale likhoza kuphulika popanda msomali. Ndinayankhula nthawi yaitali, mwina mokweza kuposa mmene ziyenera kukhalira kwa amalume. Amayi ananditsina chala cha phazi labwino.

Amalume anaimirira n'kunena kuti, "Khoti lakoli lidikire mwendo upole. Ine ndinatsala pang'ono kukugulira bokosi."

Atachoka, mayi a pazenera anati aLoya aluza chigawo choyamba. Sindinaseke.

Lolemba, 13 Okutobala

37.0. Achotsa dilipi. Bala latsukidwa, ndi louma, palibe mafinya.

Achimwene anabweretsa tayala m'thumba. Asisitere anakana kwamtuwagalu kuti lilowe m'wodi, akuti muno si galaja. Pomaliza analola kuti andikankhe pa njinga ya odwala mpaka pakhonde, kwa mphindi khumi ndi zisanu zokha. Ndilemba zonse mmene zinayendera, chifukwa sizinayende mmene ndinkafunira.

Bambo okonza matayala anayamba ndi tayala lenilenilo. Analowetsa dzanja m'kati n'kulizunguliza pang'onopang'ono, kufufuza msomali kapena waya. Sanapeze kanthu. Anayang'ana mizere ya kunja n'kunena kuti yatha ndithu koma sinafike poti n'kupha munthu. Ndinawafunsa ngati wogulitsayo sanajambule mizere yatsopano ndi mpeni wotentha, monga ndinamvera kuti ena amachitira. Anapenda bwinobwino n'kupukusa mutu. Anati tayalali ndi lokalamba, koma ndi lachilungamo.

Kenaka anatenga chubu. Sanafune n'komwe madzi. Anandionetsa pamene pamakhala valavu, kachitsulo kopoperapo mpweya kaja. Valavuyo inali itazuka ndi mizu yomwe, n'kusiya chiboo chong'ambikira mbali imodzi. Anandionetsanso ufa wakuda umene unatsala m'manja mwawo, n'kunena kuti ndi labala wa m'kati mwa tayala, wopereseka chifukwa cha kutentha.

Kufotokoza kwawo ndi uku. Mpweya ndi umene umakanikiza tayala kuti ligwire limu, chitsulo chozungulira chimene tayala limavalapo. Ukachepa, tayala limayamba kusuntha pang'onopang'ono pa limu nthawi iliyonse pamene woyendetsa akoka moto kapena kuponda buleki. Likamasuntha limakoka chubu, koma valavu singatsatire chifukwa inalowa pa chiboo cha limu. Imayamba kupendekeka, kenaka imazuka, ndipo mpweya wonse umatha nthawi imodzi. Kumbuyo kumavina ngakhale munthu akuyenda ngati akuperekeza mkwati. Anawonjezera kuti kanati ka pa valavu achimwene anakamanga mpaka kugunda limu, n'chifukwa chake sakanaona valavu ikupendekeka. Iwo amakasiya kotakasuka dala kuti valavu izitha kuchenjeza.

Ndiye kuti si liwiro.

Koma bambowo sanathere pomwepo. Anatembenukira kwa achimwene.

"Mphwanga, tayala ili silinaphwe lokha. Munaliphwetsa pa msewu wafumbi, eti?"

Achimwene anavomera ndi mutu.

"Nanga pa pampu ya polowera pa phula paja simunaime bwanji?"

Achimwene anayang'ana thumba. Asisitere anatulukira n'kunena kuti mphindi zatha.

Ndabwerera pabedi ndili ndi theka la yankho, ndipo theka limeneli silikuwathandiza achimwene. Kwa amalume, wosasamala ndi wothamanga ndi munthu mmodzi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

36.9. Chithunzi chatsopano: chitsulo chakhala bwino.

M'mawa mayi a pazenera anandifotokozera zimene wokwera aliyense wa kumisewu yafumbi amadziwa, kupatula ine. Oyendetsa njinga akanyamula munthu amene akumulemekeza, monga mayi woyembekezera, nkhalamba kapena wodwala, amatulutsako mpweya ku tayala la kumbuyo ndi kamtengo ka machesi kuti mabampu asamupweteke. Akafika poyambira phula amaima pa pampu n'kubwezeretsa. Ndi ulemu umene amauchita osaulengeza.

Achimwene atabwera masana ndinawauza kuti sindinganame kwa amalume. Ndidzanena kuti si liwiro, koma ndidzanenanso kuti anaphwetsa tayala osalipopanso. Ndinawafunsa chifukwa chake katatu. Anasenda nthochi imene sanaidye, kenaka anayankha.

Anati titangochoka pakhomo ndinayamba kudandaula za msana, ndi kuti laputopu ya m'chikwama iwonongeka ndi mabampu, ndiye anaima n'kuphwetsako. Titafika pa pampu anachepetsa liwiro kuti aime. Panali njinga zitatu pamzere. Ine ndinawamenya paphewa n'kunena kuti mayeso akuyamba 8 koloko, chitseko amatseka, adzapopa pobwerera. Anakana kamodzi. Ndinawauza kuti ngati ndilephera mayeso chifukwa cha mpweya, adzafotokoze okha kwa amayi. Anapitirira. Tinagwa titayenda makilomita asanu ndi awiri.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere kwa amalume.

"Ndinene kuti chiyani, iwe uli pa machira? Woyendetsa ndinali ine."

Sindikukumbukira mawu a pa pampu aja, koma ndikuwazindikira. Ndi anga. Palibe wina m'banja mwathu amene amayankhula choncho.

Sindinadye chamadzulo.

Lachitatu, 15 Okutobala

36.8. Ophunzitsa kuyenda abwera ndi ndodo ziwiri. Lamulo: ndodo patsogolo, mwendo wabwino utsatire, wovulala usakhudze pansi kwa milungu isanu ndi umodzi. Ndafika pakhomo la wodi n'kubwerera, thukuta lili kamukamu. Amayi a m'wodi anawomba m'manja ngati ndapambana chisankho.

Kalata yodandaula ija ndaing'amba. Inali ndi masamba anayi, ndipo ziganizo zina zinali zabwino kwambiri. Munthu wa kuseri kwa msika sadzadziwa kuti anatsala pang'ono kuzengedwa mlandu, ndipo ine ndikuchita manyazi kuti ndinamuweruza ndisanaone chubu.

Masana ndinapempha bambo okonza matayala kuti andiphunzitse kusankha tayala, popeza lakalelo, atero iwo, silingabwererenso pa limu: linayenda lophwa, nthiti zake zinafooka m'kati ngakhale kunja zikuoneka bwino. Anajambula pa chikuto cha kope langa ndi bolopeni yanga, ndipo chala chawo chasiya chidindo chakuda pakona.

Zimene anandiuza ndi izi. Pambali pa tayala pali manambala a kukula kwake, ndipo latsopano lifanane ndi zimene opanga njinga analemba, osati zimene wogulitsa ali nazo tsiku limenelo. Ambiri amafuna lonenepa kuti njinga ioneke yaukali, kenaka limakhula tcheni. Palinso manambala anayi m'kabokosi: awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Lathu lija lili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tayala likhoza kukhala ndi mizere yakuya koma labala wake ataumiratu, ndipo umaona ndi ting'alu ting'onoting'ono m'mbali. Pali muvi wosonyeza kumene liyenera kuzungulirira. Tayala latsopano lilowe ndi chubu chatsopano cha saizi yake. Chachikulu chimapindika m'kati n'kudzidya chokha, chaching'ono chimatanuka mpaka kupyapyala.

Za mpweya ananena mokhudzika kwenikweni. Anati oyendetsa ambiri amayeza ndi chala chachikulu kapena chidendene, ena amagogoda ndi sipanala n'kumvetsera kulira kwake. Iwo eni anachita zimenezo zaka zambiri, mpaka tsiku limene anayesa chala chawo ndi geji yoyezera mpweya n'kupeza kuti chala chimanama. Manambala oyenera amalembedwa pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo a wokwera mmodzi amasiyana ndi a anthu awiri. Kuyeza kukhale kwa m'mawa, tayala lisanatenthe.

Akazi awo anawadula pakamwa kuti mpunga ukuzizira, ndipo ngati akufuna kutsegula sukulu adikire iwo atuluke adzakhale mlonda wa pageti.

Ndatumiza uthenga kwa amalume kudzera mwa amayi kuti ndikuwapempha abwere mawa. Ndagwiritsa ntchito mawu akuti kupempha, osati kuitana.

Lachinayi, 16 Okutobala

36.7. Ulusi wa pachigongono wachotsedwa. Wa pamwendo udikira masiku ena asanu ndi awiri.

Amalume anafika 1 koloko, achimwene ali pambuyo pawo ndi chubu m'kajumbo, popeza asisitere analola chubu chokha. Ndinali nditakonza mfundo zisanu. Nditawaona atakhala pa mpando, chipewa chili pabondo, ndinasiya pepala pansi pa pilo.

Ndinawaonetsa chiboo cha valavu n'kubwereza zimene ndinaphunzira, ndipo bambo okonza matayala, amene anali akudyetsa akazi awo, anandikonza pawiri. Kenaka ndinanena zotsalazo: kuti tayala linaphwetsedwa chifukwa cha msana wanga, kuti achimwene anafuna kuima pa pampu, ndi kuti amene anawaletsa ndine. Ndinati ngati pali wofunika kulandidwa kanthu, si iwo.

Amalume anatembenuza chubucho nthawi yaitali. Anafunsa achimwene ngati zinalidi choncho. Achimwene anati zinali choncho, koma chiwongolero chinali m'manja mwawo. Amalume anati zimenezo n'zoona, ndipo sazichotsa: woyendetsa amene amagonja kwa wokwera waphokoso adzagonjanso kwa wina. Koma anavomera kuti iwonso anaweruza ndi makutu okha. Anaulula kuti kale, akuyendetsa okha, ankaphwetsera tayala agogo athu powapititsa kuchipatala, ndipo sanadziwepo kuti valavu imazuka motero.

Kenaka ananditembenukira. "Iwe pakamwa pakopa tinapalipirira sukulu kuti pazipulumutsa anthu, osati kuwagwetsa pa phula."

Ndinayankha kuti ndamva, amalume. Aka n'koyamba kuyankha mwachidule chotere chiyambireni sekondale.

Anapisa m'thumba la jekete n'kuika kiyi pa kabati ka pambali pa bedi, pakati pa kapu ndi malalanje. Sanaipereke m'manja mwa achimwene. Anati itengedwe ndi amene wapambana mlandu, aipereke yekha kwa mwini ntchito, koma njinga isatuluke pabwalo tayala lisanasinthidwe. Ndinaitola n'kuipereka ndi manja awiri. Achimwene anailandira n'kutuluka msanga, akuti akukaona ngati kunja kukubwera mvula. Kunja kunali dzuwa lokhalokha.

Mayi a pazenera anadikira amalume achoke, n'kunena kuti sanaonepo loya wopambana mlandu podzimangitsa yekha.

Mpweya ndaupuma wonse lero, mpaka pansi pa mapapo.

Lachisanu, 17 Okutobala

36.6. Adokotala asayina. Ndituluka masana ano, pa galimoto. Ndakwera masitepe atatu ndi ndodo n'kutsika osagwiridwa. Mankhwala opha ululu a masiku asanu, kutsukitsa bala Lachiwiri, chithunzi china pakatha milungu isanu ndi umodzi. Kusukulu avomera kuti mayeso aja ndidzalembe ndi obwereza. Chitseko chimene ndinkachiopa chija chinali ndi tsiku lina.

Mayi a pazenera atsala ndi milungu itatu. Ndawasiyira malalanje ndi pilo wanga wofewa.

Yankho la funso langa: silinali liwiro, ndipo silinali tayala la wogulitsa. Unali mpweya wochepa, wotulutsidwa mwaulemu, wosabwezeretsedwa chifukwa cha ine. Zoyenera kuchitika tsopano ndi izi:

1. Tayala la kumbuyo lisinthidwe ndi latsopano, la saizi yolembedwa pa njinga, pamodzi ndi chubu chake. Achimwene awerenge okha manambala anayi aja asanalinyamule, ndipo aliike ndi bambo okonza matayala, muvi utaloza koyenera.

2. La kutsogolo liyang'anidwenso tsiku lomwelo. Palibe amene walifunsa zaka zake.

3. Limu ndi masipoko ziwongoledwe, chifukwa zinakhula pa phula. Chisoti chong'alukacho chitayidwe, osati kumatidwa.

4. Geji igulidwe, izikhala m'thumba la jekete ya achimwene. Mpweya uyezedwe m'mawa uliwonse njinga isanatuluke. Chala chachikulu chipume pa ntchito imeneyi.

5. Kanati ka pa valavu kasiyidwe kotakasuka. Valavu ikapendekeka, njinga iime pomwepo.

6. Pampu yaing'ono yamanja imangidwe pansi pa mpando, kuti ulemu wa pa msewu wafumbi usamadalirenso mzere wa pa pampu ya ena.

7. Ndikayamba kuyenda, ndipite pasiteji ndi chubu chija ndikawaonetse anzawo a achimwene. Ndikayankhule mphindi zisanu zokha, ndipo ndikayambe ndi mbali yanga.

8. Wokwera aliyense wokana kudikira mpweya atsitsidwe pomwepo ndi chikwama chake, ayende wapansi. Achimwene andilonjeze pamaso pa amayi kuti lamuloli silidzaona nkhope, ngakhale nkhopeyo itakhala ya mlongo wawo.